Munthu Amene Ankafuna Kukagwera ku Queensland

Glenys anakwatiwa ndi Merv Tolhurst akudziwa bwinobwino kuti mwamunayo ndi wouma manja. Asadzaname kuti anamubisira. Tsiku loyamba kuyenda limodzi, Merv anamutengera ku mpikisano wa mahatchi, koma m'malo molowera pageti ngati anthu, anakaima naye kuseri kwa mpanda, pamalo pamene ankadziwa kuti pali mpata, poti mpandawo anamanga ndi iyeyo. Glenys anaseka mpaka misozi, n'kumati mnyamatayu ndi wochenjera. Anali mtsikana wamng'ono nthawi imeneyo, tisamuweruze kwambiri.

Ntchito ya Merv inali yomanga mipanda ya waya m'mafamu a nkhosa ndi a thonje ozungulira Nindabri, ndipo pamenepo ndiye panalibe womuposa, zimenezo tisamulande. Mpanda wa Merv unkaima nji, ng'ombe yamphongo ikaugunda inkabwerera yokha. Koma ukachotsa waya ndi mizati, m'mutu mwa munthuyu munkatsala zinthu ziwiri zokha: kusalipira, ndi Queensland.

Tauni yathuyi mtsinje unaidula pakati. Tsidya la kumpoto ndi Queensland, komwe kuli bala ya Bev ndi pomwetsera mafuta. Tsidya la kum'mwera ndi New South Wales, komwe kuli sukulu, positi ofesi ndi nyumba zambiri. Pakati pa mlatho pali mzere woyera wosonyeza malire a zigawo ziwirizi, poti chilichonse chili ndi boma lake ndi malamulo ake. Merv anabadwira kumpoto, ndipo kum'mwera anabwera chifukwa cha nyumba. Mayi ake a Glenys atamwalira anasiya nyumba yamatabwa ya khonde lalikulu, pafupi ndi mlatho, yopanda lendi. Chikondi cha Merv pa Queensland chinali chachikulu, inde, koma sichinafike pokana nyumba yaulere. Anasamuka, anasintha laisensi, ankavotera kum'mwera, koma pakamwa pake anakhalabe mlendo. Zaka makumi atatu akugona ku New South Wales, m'mawa uliwonse akutukwana New South Wales: misewu yake, mowa wake, timu yake ya mpira wa ragibe, ngakhale ntchentche zake zomwe ankati n'zaulesi.

Nyengo yotentha, kum'mwera akakankhira mawotchi patsogolo ndi ola limodzi, kumpoto osakankha, wotchi ya Merv inkatsalira pa nthawi ya Queensland. Pa ukwati wa mwana wawo Raelene anafika mochedwa ndi ola lathunthu, mkwatibwi atalira kale mpaka penti ya m'maso kusungunuka, iye n'kumalimbikira kuti olakwa ndi abusa. Glenys tsiku limenelo sanaseke.

Koma nyimbo yake yeniyeni inali ya ambulansi. Aliyense kuno amadziwa mmene zimayendera. Kuchipatala cha boma sulipira, koma galimoto yokufikitsa kumeneko ndi nkhani ina. Wokhala ku Queensland, boma lake limamulipirira ambulansi kulikonse kumene angagwere. Wokhala ku New South Wales, ngati alibe khadi la penshoni, amadzilipirira yekha, ndipo amawerengera mtunda. Kwathu kuno chipatala chachikulu chili kutali, nthawi zina mpaka ndege imabwera, ndiye bilu yake imakudwalitsa kachiwiri. N'chifukwa chake anthu a mitu yabwino amadula kainshuwalansi ka ambulansi yokha, kotchipa, koti pachaka mtengo wake sufika wa tayala limodzi la pikapu. Ena amadula yaikulu, ya chipatala cholipira, mano ndi magalasi omwe. Merv zonsezo ankati ndi msonkho wa anthu amantha.

Lachisanu madzulo ankawoloka mlatho kupita kwa Bev, n'kukhala pampando wake wa pakhonde pafupi ndi Col Dargan, woyendetsa lole ya ng'ombe, mnzake wa kuyambira ali ana. Botolo loyamba lisanathe, ulaliki unkakhala utayamba.

"Ine kulipira ambulansi? Ine?" ankatero akudzimenya pachifuwa. "Aise, kuchoka pageti panga kufika pamzere paja ndi pafupi, ndudu siyitha n'komwe. Tsiku limene ndidzamve m'thupi zachilendo, ndidzavala chipewa changa, ndidzayenda bwinobwino, ndikagwera ku Queensland. Akadzanditolera kwathu, alipira ndani? Boma langa!"

"Boma lako liti?" Col ankamuyankha. "Amwene, anthu aja sayang'ana pamene wagwera. Amayang'ana pamene umagona. Iwe umagona kum'mwera, m'nyumba ya apongozi ako."

"Ndinabadwira kuno ine!"

"Ndiye ukawauze akafunse azamba."

Anthu ankafa nalo phwete, ndipo Bev ankakuwa ali kuseri kwa kauntala: "Merv, ukadzabwera kudzafa, usadzafere pakhonde panga, ndimakolopa ndekha!"

Umboni wa Merv unali mkulu wake Trevor, amene anapondedwa ndi ng'ombe kumsika wa ziweto tsidya la kumpoto, ambulansi n'kumutenga popanda bilu.

"Trevor amakhala kumpoto, chidzete iwe," Col ankatero.

"Anagwera kumpoto," Merv ankayankha, n'kukweza botolo ngati wapambana mlandu.

Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo Merv anasankhapo yomukomera n'kuikumbatira moyo wake wonse. Munthu wodziwa malire a famu iliyonse m'dera lonseli, wotha kukuuza mzati umene walowa m'munda wa mnzake ndi chikhatho chimodzi, kulephera kumva kalamulo koti mwana wa sitandade folo angakuuze! Si umbuli umenewo ayi. Ndi matama, ndipo matamawo tonse tinkawathirira manyowa, poti nkhani ya Merv yokagwera ku Queensland inkakometsa mowa.

Glenys anayesapo kamodzi. Chinali chaka chomwe Raelene anakwatiwa, mayi wina woyandikana naye nyumba atathyoka chiuno n'kulandira bilu yomwe inamugulitsitsa galimoto. Glenys anaitchula nkhaniyo pa chakudya chamadzulo. Merv anaika foloko pansi n'kulalikira mpaka nyama kuzizira, za mbava za m'maofesi, za anthu odyera pa mantha a anzawo, za mlatho umene Mulungu anamuikira pafupi. Glenys anangoti, "Chabwino, Merv," n'kuchotsa mbale. Sabata yotsatira anaimba foni ali kusukulu, komwe ankagwira ntchito yokolopa makalasi ana akaweruka, n'kudula inshuwalansi ya ambulansi ya anthu awiri, yoti azidula pa malipiro ake. Mwamuna wake sanamuuze. Sikuti ankaopa kumenyedwa, Merv sanakwezepo dzanja pa munthu. Ankaopa ulaliki.

Mwina mukufunsa kuti ankakhaliranji naye. Ankamukonda, chitsirucho. Merv yemweyo ndi amene ankanyamula apongozi ake kupita nawo kubafa miyezi yawo yomaliza, osadandaula ngakhale kamodzi. Merv yemweyo ankadzuka m'mawa wa chisanu kukachotsa madzi oundana pagalasi la galimoto ya mkazi wake, n'kumubweretsera tiyi pabedi, ngakhale kuti kathumba ka masamba kankakhala kachiwiri kuviikidwa. Glenys ankafuna chinthu chimodzi basi, kuti akalambe limodzi pakhonde lija, mwamunayo akutukwana ntchentche, iye akuluka. Sichinali chinthu chachikulu kupempha.

Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa Merv. Malata akale, waya wadzimbiri, mizati yothyoka, matayala, zonse zotsala m'mafamu a anthu. Kudzala la tauni amalipiritsa kutaya zinthu, ndiye mukudziwa kale chifukwa chake muluwo unkangokula. Chilimwe chilichonse Glenys ankanena kuti mmenemo mudzakhala njoka, ndipo chilimwe chilichonse Merv ankayankha kuti njoka za ku New South Wales zilibe mano.

Linali Loweruka la mu Januwale, dzuwa loswa mtengo, chakumasana. Glenys ankayanika zovala. Merv anatuluka atavala kabudula ndi patapata, kukasolola lata limodzi loti akamatire shedi ya munthu wina n'kumulipiritsa ngati latsopano. Anakweza lata, n'kudumpha chambuyo.

"Asa! Kandikanda."

Glenys potembenuka anangoona mchira wabulawuni ukulowa pansi pa matayala. Pamwamba pa kakolo wa Merv panali timizere tiwiri tating'ono, ngati wakandidwa ndi waya. Njoka yabulawuni ndi mmene imachitira, siipweteka poluma, imakusiya uziyankhula zamphamvu kaye. Ndipo kuno ngakhale ana a m'makalasi amene Glenys ankakolopa amaimba pamtima zoyenera kuchita: usayende, usasunthe, manga mwendo wonse ndi bandeji mothina, itana ambulansi. Ukayenda, ndiwe wemwe ukupopera ululuwo kumtima.

"Khala pansi, Merv. Pomwepo. Usasunthe ngakhale chala."

"Iwe, kakanda chabe aka."

"Ndati khala pansi!"

Anakhala pa ndowa yovundikira, ndipo Glenys anathamangira m'nyumba. Anaimba foni uku akufwanthula m'kabati kufuna mabandeji. Mayi wa pafoniyo anati ambulansi yanyamuka, ikuchokera kufamu ina, wodwalayo asayende zivute zitani. Glenys potuluka anapeza pa ndowa palibe munthu. Merv anali pakhonde lakumaso, chipewa chili kumutu, akutambasula dzanja kuti atenge makiyi a pikapu pamsomali.

"Ukupita kuti?"

"Ukudziwa komwe ndikupita. Waitana kale, eti? Aimbirenso, uwauze akandipeza pakhonde pa Bev."

Glenys anafika pamsomalipo mwamunayo asanafike. Anatsomphola makiyi, natuluka pabwalo, n'kuwaponya padenga. Analira ngwee pamalata n'kutsetserekera mu ngalande ya madzi. Iye ankaganiza kuti watseka njira. Mpaka lero akakumbukira kulira kwa makiyi aja amadziimba mlandu, poti pa galimoto mwamunayo bwenzi atangoponda kamodzi n'kufika.

Merv anayang'ana padenga, anayang'ana mkazi wake, n'kukonza chipewa.

"Chabwino. Miyendo ndili nayo."

"Merv, tamvera. Ndinalipira! Ukundimva? Tili ndi inshuwalansi, tonse awiri. Sulipira kalikonse. Khala pansi, chonde, ndikumange."

Apo ndiye anaima. Glenys anaona ngati zatheka, n'kugwada kuti ayambe kukulunga bandeji.

"Kuyambira liti?"

"Chaka cha ukwati wa Raelene."

"Zaka zonsezi? Zaka zonsezi iwe ukudyetsa mbava zija, ine ndikuima kwa Bev kumauza anthu kuti pakhomo panga sipatuluka ndalama yopusa?"

"Ndi ndalama yanga, ya mopu wanga. Imika mwendo!"

"Col akudziwa?"

Tamvani funso la munthu woti njoka yamuluma! Sanafunse kuti ambulansi ili pati. Sanafunse ngati mwendo wayamba kutupa. Anafunsa za Col. Ululu uli m'magazi, iye chomuwawa n'choti anzake a pabala adzamuseka kuti mkazi ankamulipirira mwakabisira.

"Palibe akudziwa," Glenys anatero. "Sindidzauza munthu, ndikulumbira. Ingokhala pansi."

"Ukawauze akubwezere ndalama zako. Ine ya kum'mwera sindikwera."

Anasolola mwendo m'manja mwake n'kutsika masitepe, bandeji yomangidwa theka ikukhwekhwereka pambuyo. Glenys anamugwira lamba wa kabudula. Koma Glenys ndi kamunthu kochepa, ndipo Merv moyo wake wonse wakhala akukoka waya, ndiye anangomukoka nayenso mpaka pageti. Lamba anapulumuka. Mayiyo anagwa m'fumbi, nadzuka, n'kumuthamangira wopanda nsapato pa tala wotentha, akuyesa kukulunga mwendo woti ukuyenda. Anamupempha, anamutukwana, anamutchulira dzina la mdzukulu wawo. Merv ankangoyenda, mutu uli m'mwamba, patapata akulira phwa, phwa, phwa.

Pakhonde pa Bev, tsidya linalo, panali anthu a mowa wa masana. Ataona chipewa cha Merv chikukwera mlatho mwa ulemu wotero, wina anakuwa kuti, "Taonani, Merv akuyeserera ulendo wake uja!" Anaimirira ndi mabotolo m'manja, ena kuimba mluzu, ena kuwomba m'manja.

"Limba, Merv! Watsala pang'ono!"

"Queensland ikukudikira, mwana wa kwathu!"

Ndipo iye, abale inu, anakweza dzanja kuwayankha.

Col yekha ndi amene anasiya kuseka. Anaona Glenys alibe nsapato, anaona chinsalu choyera chikukokeka pansi, n'kuika botolo pakhoma. Munthu wamimba yake uja anathamanga tsiku limenelo mmene sanathamangirepo chichokereni kusukulu.

Pamlatho Merv anayamba kusintha. Thukuta linali kamukamu, nkhope itatuwa. Anaima n'kugwira chitsulo cha m'mbali, nasanza mumtsinje, napukuta pakamwa ndi chipewa. Timizere tija tinali titayamba kuchucha magazi osaleka, mpaka patapata kumata.

"Mutu," anatero. "Glen, mutu ukundiwawa."

"Gona pansi, Merv wanga. Gona pompano."

"Mzere uwo. Ndikuuona."

Anayenda mapazi ena angapo ngati woledzera, kenaka maondo anapinda, n'kugwa chafufumimba pa tala, khu! Chipewa chinagubuduka chokha n'kukaima ku Queensland. Mwini wake anatsala ku New South Wales, ndipo pakati pa zala zake ndi mzere panatsala danga lokwana munthu mmodzi wogona.

Col atafika anamutembenuza chagada. Merv anatsegula maso, ndipo mawu ake oyamba, ndikuuzani zoona, anali akuti: "Ndikokereni."

Glenys anamukhalira pantchafu ndi thupi lake lonse n'kuyamba kumanga bandeji kuchokera kuzala kukwera m'mwamba, mothina, mmene ankafunira kuchitira kuseri kwa nyumba kuja.

"Col, aise, ndikhwekhwereze pang'ono chabe. Pafupi pompa."

"Khala phee, galu iwe," Col anatero, misozi ikugwera pa malaya a mnzakeyo. "Ukasuntha ndikuswa chibwano."

"Glen, kamtunda kochepa..."

"Ayi," anatero Glenys. Pa zaka makumi atatu zonse zija, aka kanali koyamba kumukaniza chinthu maso ndi maso, osati kuseri. Anthu a kwa Bev anali atafika, atazungulira, kukamwa kuli yasa, mabotolo atabisa kumbuyo. Bev anabwera ndi ambulera yaikulu ya pakhonde n'kuwatchingira dzuwa.

Ambulansi inatulukira kumpoto. Inali ya Queensland yomweyo, poti ndiyo inali pafupi, ndipo inadutsa pamzere uja osauona n'komwe. Merv akanakhala pa ndowa paja, ikanamupeza pomwepo nthawi yomweyo. Anatsika Shona Petrakis, mtsikana wokulira m'tauni momwemu, amene Glenys ankamupatsa maswiti ali kamwana ka sukulu. Anagwada, anayang'ana mwendo, anayang'ana m'maso, uku manja akugwira ntchito.

"Yawaluma kuti?"

"Kunyumba," Glenys anayankha.

Shona anatukula mutu n'kuyang'ana msewu wonse mpaka pageti la a Tolhurst.

"Ayenda kuchokera uko? Ndani wawalola?"

Mtsikanayo sanafunse mwachipongwe, ndi kudabwa chabe, koma funsolo linamulowa Glenys mpaka m'mafupa. Akanati chiyani, kuti ndinaponya makiyi padenga?

Pomukweza pamachira Merv anagwira dzanja la Shona, mawu akutuluka movutikira.

"Ulembe... kuti wanditola ku Queensland."

"A Merv, ngakhale ndikanakutolani pakati pa Brisbane, likulu lenileni la Queensland, ndimalemba kumene mumagona. Gonani phee."

Mtima wa Merv unaima kamodzi ali m'njira, Shona n'kuudzutsa. Ndege inabwera kudzamutengera kuchipatala chachikulu cha mumzinda, komwe anakhala milungu yambiri, mapaipi ali mbali zonse. Dokotala anamuuza Glenys mosapsatira kuti mankhwala a ululu anagwira ntchito, koma ulendo wa pamlatho uja unali utaufalitsa kale thupi lonse, ndipo impso zinali zitaonongeka. Anati mwa anthu ambiri zimadzuka pakapita nthawi. Anadikira. Za Merv sizinadzuke.

Bilu inabwera, ya galimoto ndi ya ndege, yonenepa bwino, ndipo inshuwalansi ya mopu ija inalipira yonse popanda kufunsa funso. Nkhaniyo m'nyumbamo sinatchulidwe. Zikomo sanamveke, ndipo Glenys sanamuyembekezere.

Pikapu inagulitsidwa, makiyi atachita kutsitsidwa padenga ndi Col. Zida zokokera waya anatenga mnzake wina wa ntchito yomweyo. Mulu wa kuseri uja Glenys anaitana lole n'kulipira kudzala ndi dzanja lake, Merv akuonerera pawindo. Ntchito ya kusukulu anasiya, poti katatu pa sabata amayendetsa mwamuna wake ulendo wautali kupita kutauni yaikulu ya kum'mwera, kukamulumikiza ku makina osefa magazi. Makinawo sadikira nthawi ya Queensland. Atachedwa kamodzi n'kupeza mpando wake wapatsidwa wina, Merv anakankha yekha wotchi yake m'galimoto, mwakachetechete, akuyesa kuti mkazi wake sakuona.

Mukuganiza kuti munthu wotere amaphunzira? Dikirani.

Poti sangagwirenso ntchito, boma linamupatsa penshoni ya olumala, pamodzi ndi khadi lake. Ndipo tanena kale kuti ku New South Wales wa khadi la penshoni salipira ambulansi. Tsiku limene Merv anamva zimenezi kwa nesi wa kumakina, nkhope yake inawala koyamba chichokereni m'chipatala. Lachisanu lotsatira anati akufuna kupita kwa Bev.

Anawoloka pang'onopang'ono, ndodo kudzanja ili, Glenys kudzanja linalo. Anthu anamulandira bwino, anamupatsa mpando wake uja. Mowa saloledwanso, ngakhale madzi amachita kumuyezera, ndiye Bev anamubweretsera kapu ya timiyala ta madzi oundana kuti aziyamwa. Munthu amene ankanyamula mpukutu wa waya paphewa limodzi anali atatsala mafupa, kolala ya malaya ikuzungulira khosi momasuka. Anayamwa kamwala kamodzi, napisa m'thumba, n'kutulutsa khadi lija. Analikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Ndinkati chiyani ine? Ha? Col, ndinkati chiyani? Merv Tolhurst sadzalipira ambulansi. Nayi. Yaulere, aise, mpaka tsiku lolowa m'manda!"

Anadikira phwete lija la masiku onse. Col anayang'ana m'botolo mwake. Bev anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale. Wina anatsokomola, wina n'kufunsa mnzake za mtengo wa thonje. Dzanja la Merv linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linatopa lokha n'kutsika.

Sanakhalitse. Pobwerera dzuwa linali lisanalowe, ndipo pamlatho panalibe galimoto. Atafika pamzere woyera Merv anaima, akupumira m'mwamba, n'kugogoda pentiyo ndi ndodo.

"Ndi apa ndinagwera, eti Glen? Miyendo inatsala kumbuyo, koma mutu unali utalowa. Ndinafika ndithu."

Glenys anamuyang'ana. Akanatha kunena kuti "Chabwino, Merv," monga ankachitira zaka zonse zija, n'kuchotsa mbale. Anachotsa dzanja lake m'khwapa mwa mwamunayo, nayenda yekha kulowera kum'mwera danga lokwana munthu mmodzi wogona, n'kuponda pa tala ndi phazi.

"Apa," anatero. "Zala zako zinathera apa. Chinafika ndi chipewa."

Merv anayang'ana phazi la mkazi wake, anayang'ana mzere, ngati mmene ankayezera mipanda ya anthu ndi maso, ndipo diso la womanga mipanda silinama. Glenys sanabwerere kukamugwira. Anaima pomwepo kumudikira, ndipo kamtunda kameneko Merv anakayenda yekha, akukoka ndodo, n'kupumira kamodzi panjira.